Kodi boma likamati nkhanza limatanthauza chiyani?

Bambo Mbewe: Abale anga pa gulu pano, moni nonse. Sabata ino wailesi iliyonse ikungokamba za masiku 16 olimbana ndi nkhanza, aja amayamba pa 25 November n'kutha pa 10 December. Ine sindikutsutsa. Kumenya mkazi n'kulakwa, ndinakula ndikudziwa zimenezo. Chikundivuta n'chakuti masiku ano chilichonse akuti ndi nkhanza. Kukalipa, nkhanza. Kusasiya ndalama ya ndiwo, nkhanza. Kufunsa mkazi wako kuti unali kuti, nkhanza. Kodi tikamatero sitikupeputsa mavuto a mayi amene wathyoledwadi mkono? Inu odziwa malamulo tithandizeni, boma likamati nkhanza limatanthauza chiyani kwenikweni?

Mayi a Tadala: Bambo Mbewe, ya ndalama ya ndiwoyo musaiphatikize ndi kukalipa chonde. Pali kusasiya ndalama chifukwa mulibe, pamenepo tonse timamvetsa, zinthu zadula. Ndiye pali bambo woti ndalama ali nazo, kumowa akupita, koma kunyumba sasiya kanthu dala kuti mkazi azimugwadira. Mkaziyo akayamba geni ya mandasi, bambo akutenga mpamba wonse. Akalowa banki m'khonde, tsiku logawana bambo ali pakhomo kudikira. Ife a mumsika timaziona zimenezi. Mayi ameneyo alibe bala, koma sakugona tulo.

Bambo Mbewe: Mayi, zimenezo ndi zoipa, ndikuvomera. Koma ndi mlandu? Apolisi angamange munthu pa zimenezo?

Nachisale: Ndiloleni ndiyankhe motalikirako, poti ntchito yanga ndi yothandiza anthu pa nkhani za malamulo ndipo funso limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri.

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi la 2006, dzina lake Prevention of Domestic Violence Act. Silinaime pa kumenya pokha. Limatchula kuvulaza thupi, kukakamiza zogonana, kuzunza maganizo, kutsekereza munthu kuti asamacheze ndi anthu ena, ndi kumupondereza pa chuma ndi ndalama. Zimene anena Mayi a Tadala zilimo ndithu: kuletsa mnzako kuchita geni kapena kufuna ntchito, kumulanda malipiro ake, kukana kugula zofunika pakhomo.

Tsono pa kukalipa paja, Bambo Mbewe, mtima wanu ukhale m'malo. Pa nkhani ya kuzunza maganizo lamuloli limayang'ana chizolowezi, zinthu zochitika mobwerezabwereza ndi cholinga chofooketsa munthu. Kutukwana ndi kuopseza kosalekeza, kumulondalonda, kumutsekera m'nyumba, kumuswera katundu, kumuimbira foni osamupatsa mpata. Kukangana kwa tsiku limodzi chifukwa nsima yachedwa si kumene akunena. Kufunsa kuti unali kuti si mlandu. Koma ngati mkazi sangapite ngakhale kumaliro kwawo osapempha chilolezo, foni yake mumasunga ndinu, anzake munawathamangitsa onse kuti azidalira inu nokha, zimenezo lamulo linazitchula.

Chinanso anthu ambiri sadziwa: lamuloli si la okwatirana okha. Limakhudza amene anabereka mwana limodzi, makolo ndi ana, wodalira mnzake pakhomo, ngakhale zibwenzi zimene zayenderana kupitirira miyezi 12. Ndipo silinena kuti wodandaula akhale mkazi. Mwamuna nayenso limamuteteza.

Yamikani ku Joni: Pomaliza paja mwanena bwino achemwali. Kwathu ndi kuchikamwini. Ndinaona malume anga akumanidwa chakudya m'nyumba imene anamanga okha, kenako kuwatayira zovala panja ana akuona. Atakadandaula, anthu anangoseka kuti mwamuna mzima angalire ndi mkazi. Anabwerera kwawo ndi kachikwama kokha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati zimenezi ndi nkhanza.

Nachisale: Pepani achimwene. Malume anuwo lamulo likanawamvera. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zili bwino, pali pamene lamuloli linakhota. Pofotokoza nkhanza za m'banja, limayamba ndi kunena kuti ndi mlandu uliwonse wochokera m'mitundu ndatchula ija. Ndiye funso limabwera: nanga chinthu chimene sichinalembedwe ngati mlandu m'buku la milandu, Penal Code, chilowa bwanji? Kumenya kulimo. Kungomenya osavulaza chilango chake chimafika chaka chimodzi, kuvulaza zaka 5, kuvulaza koopsa zaka 14. Koma kulanda mkazi khadi ya ku banki mwezi ndi mwezi, kapena kukhala naye m'nyumba osamulankhula mwezi wathunthu, wapolisi akatsegula buku lake sapezamo gawo loti alembe. N'chifukwa chake funso loyamba limakhala lakuti wakumenya? Bala lili pati? Pita kuchipatala ukatenge lipoti. Amene alibe bala amabwerera.

Njira imene ilipo ndi ya kukhoti la majisitireti. Munthu atha kupempha chikalata chomuteteza, choletsa wozunzayo kupitiriza kapena kumuyandikira. Palinso chikalata choti wodandaula akhale m'nyumbamo wozunzayo atuluke, ndi china chokhudza nyumba ya lendi. Akaphwanya zimene khoti lalamula, pamenepo ndiye wapalamula. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, komanso kupolisi kuli ofesi ya Victim Support.

Bambo Mbewe: Ndiye kuti pakati pa zimene akunena pa wailesi ndi zimene wapolisi angalembe pali mpata waukulu.

Nachisale: Ulipo, ndipo anthu ambiri amagwera momwemo.

Bambo Kamanga: Ine ndine mkulu wa mpingo ndipo ndakhala nkhoswe wa mabanja angapo. Ndilankhule za mbali yathu. Chimene chimandiopsa ndi kuthamangira kukhoti. Banja likafika kwa majisitireti kubwerera kumavuta. Makolo athu anaika ankhoswe kuti nkhani zithere pakhomo, ndipo zambiri zimatheradi pomwepo. Ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Tikamauza ana athu kuti chilichonse ndi nkhanza, sadzaphunzira kupirirana.

Thoko: Bambo Kamanga, ndi ulemu wonse, mwambi umenewo ndi umene umatsekera amayi athu pakamwa. Pa chilangizo cha ukwati mtsikana amauzidwa kuti banja ndi kupirira, za m'nyumba sitiulula, mwamuna ndi mwana. Enanso mpaka lero amati kumenya ndi mankhwala a banja. Mnyamata amauzidwa chiyani? Ndiye mkazi akabwera kwa ankhoswe nkhope itatupa, mawu oyamba ndi akuti iweyo unatani kuti akumenye. Mlandu wasanduka wake.

Bambo Kamanga: Mwana wanga, ine sindinauzepo mkazi wotupa nkhope kuti abwerere akapirire. Magazi akatuluka ndimanena ndekha kuti iyi yaposa ankhoswe.

Thoko: Ndathokoza kuti mumatero. Koma taonani pamene mwaika malire, pa magazi. Asanafike pa magazi amakhala atadutsa zaka zingati?

Nabanda ku Leeds: Funso la Thoko ndi limene linasintha lamulo kuno. Ine ndimagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ndipo amatiphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka. Ku England kuyambira 2015 kulamulira mnzako wa m'banja mopondereza ndi mlandu paokha, ngakhale usanamukhudze, ndipo munthu atha kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Anaona kuti amayi ambiri ophedwa ndi amuna awo ankayamba alandidwa foni, ndalama, abwenzi, kuuzidwa chovala, kuwerengeredwa nthawi yobwerera kunyumba. Mu 2021 anakhazikitsanso lamulo lina limene linatchula kupondereza pa chuma mwatchutchutchu.

Chimene chimandikhudza n'chakuti abale athu ena amafika kuno ndi maganizo akumudzi. Mkazi ndiye wabwera pa visa ya ntchito, akugwira usiku ndi usana, malipiro onse akulowa mu akaunti ya bambo. Mayiyo ukamufunsa amati bambo ndi mutu wa banja. Sakudziwa kuti kuno zimenezo zili ndi dzina ndipo apolisi amazitenga.

Yamikani ku Joni: Kunonso South Africa lamulo lawo la 1998 limatchula za ndalama ndi za maganizo. Koma anthu akuphedwabe tsiku ndi tsiku. Lamulo labwino papepala silitseka chitseko usiku.

Nabanda ku Leeds: Zoona achimwene, silitseka. Koma munthu akadziwa kuti chimene akukumana nacho chili ndi dzina m'malamulo amayamba kuganiza zochoka. Amene akuona ngati ndi mmene banja limakhalira sachoka.

Aphunzitsi a ku Ntcheu: Ndabwera mochedwa, ndawerenga zonse. Ndiponyeko manambala pang'ono. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa maganizo. Kafukufuku yemweyo anafunsa ngati pali chifukwa chomveka choti mwamuna amenye mkazi wake, monga kupsereza chakudya kapena kuchoka osatsanzika. Amayi 16 mwa 100 anavomera, abambo 13 mwa 100. Onani, amayi ovomera anaposa abambo. Chilangizo chija Thoko akunena chimalowa mpaka m'mafupa.

Koma ine funso langa lili pa ana, poti Bambo Mbewe sanatchule koma ndikudziwa ambiri tikuliganiza. Ife aphunzitsi tinaletsedwa kukwapula. Ndimatsatira. Koma kholo lomwelo limene lingandisumire nditakhudza mwana wake, madzulo likumukwapula ndi lamba kunyumba, n'kumati ndikulanga. Ndodo ndi yomweyo, thupi ndi lomwelo. Kusukulu ndi nkhanza, kunyumba ndi chilango?

Bambo Mbewe: Aphunzitsi, pamenepo ndiye ndiima nji. Ife tinakula ndi chikoti ndipo tinakhala anthu. Baibulo nalonso limanena za nthyole. Kholo lolanga mwana wake mwachikondi silingafanane ndi chidakwa chomenya mkazi.

Mayi a Tadala: Inenso ndimakwapula anga, sindibisa. Koma ndinaonapo mwana wotenthedwa manja ndi mayi ake omubereka chifukwa cha ndiwo za mumphika. Mayiyo ankanena mawu omwewo, ndimamulanga asadzakhale wakuba. Ndiye mawu akuti kulangawa amabisa zambiri.

Nachisale: Pa ana zinthu zili chonchi. Malamulo aakulu a dziko, gawo 19, amateteza ulemu wa munthu ndipo amaletsa chilango chokwapula m'makhoti ndi m'mabwalo ena a boma. Lamulo la ana la 2010 limateteza mwana ku miyambo ndi machitidwe omuvulaza. Koma palibe pamene analemba mosapsatira kuti kholo lisakwapule mwana wake ngakhale pang'ono. Tsono kutentha manja, kuvulaza, kumana chakudya masiku, zimenezo ndi milandu ndipo makolo amamangidwa nazo. Mawu akuti ndimalanga sapulumutsa munthu pamaso pa woweruza mwana akavulala. Mukaona zotere nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere.

Yamikani ku Joni: Kuno khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula mu 2019 kuti ngakhale kukwapula kwa kholo kunyumba n'kosaloledwa. Amalawi ambiri tili kuno sitidziwa. Mwana akakanena kusukulu, a boma amafika pakhomo.

Bambo Mbewe: Limenelo lisabwere kwathu.

Thoko: Mwina lidzabwera, Bambo. Kale mtsikana wa zaka 15 kukwatiwa makolo atavomera sizinali zodabwitsa, malamulo aakulu a dziko ankalola. Mu 2017 aphungu anasintha, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Inkosi Kachindamoto ku Dedza inathetsa maukwati a ana ambirimbiri anthu ena akuinyoza kuti ikuononga chikhalidwe. Lero ndani pa gulu pano angaimirire kunena kuti kukwatitsa mwana wa Sitandade 6 si nkhanza?

Chimodzimodzi fisi, kusasa fumbi, kulowa kufa. Agogo athu ankati ndi mwambo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi linati miyambo yovulaza ndi mlandu, ndipo mu 2016 bambo wina wa ku Nsanje amene anaulula yekha kwa atolankhani a BBC kuti ndi fisi anagamulidwa zaka ziwiri. Kulanda katundu wa mayi wamasiye abale ankati tikutenga za m'bale wathu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti ndi mlandu. Zonsezi zinali ndi mayina abwino zisanatchedwe nkhanza.

Bambo Kamanga: Pa kulanda katundu ndili nawe mwana wanga. Ndinaimapo pamaliro pamene abale a mwamuna anayamba kuwerenga mipando ndi malata thupi lisanalowe m'manda. Ndinawauza kuti apa mpingo suimba nyimbo mpaka mutasiya. Zimenezo ndi nkhanza zenizeni, ngakhale palibe amene anakweza dzanja.

Thoko: Ndiye mwavomera kuti nkhanza zimatheka popanda magazi.

Bambo Kamanga: Pamenepo ndavomera.

Mayi a Tadala: Poti tafika apa, ndifunse chimene amayi ambiri timaopa kufunsa pagulu. Mwamuna wako wa ukwati akakukakamiza kuchipinda iwe usakufuna, mwina ukudwala, mwina wangobereka kumene, lamulo limati chiyani? Chifukwa kwa alangizi yankho timalidziwa, amati sumukaniza mwini wake.

Nachisale: Mayi, mwafunsa pamene pali bala lalikulu la malamulo athu. Lamulo la 2006 lija limatchula kukakamiza zogonana ngati mtundu wa nkhanza za m'banja, ndiye mayi atha kupempha chitetezo kukhoti. Koma kuti mwamunayo aimbidwe mlandu wogwiririra, malamulo athu sananene momveka pa anthu amene akukhalira limodzi ngati banja. Lamulo la maukwati la 2015 linangofika pakuti mwamuna wagwiririra mkazi wake ngati wamukakamiza pa nthawi imene khoti linawalekanitsa. Kunja kwa pamenepo, chinthu chomwecho chimene chingamangitse mlendo zaka zambiri, mwini banja chimamudutsa.

Ine pamenepa ndimaima poyera, n'kulakwa. Ukwati suchotsa mawu akuti ayi m'kamwa mwa munthu. Amayi amatenga matenda m'njira imeneyi, amatenga mimba thupi lisanachire. Ku England makhoti anathetsa chitetezo cha amuna chimenechi mu 1991, South Africa mu 1993. Ife malamulo athu a milandu tinatengera kwa Angelezi omwewo, eni ake anasintha, ife tikusungabe.

Bambo Mbewe: Koma mayi, nkhani ya kuchipinda umboni wake ungapezeke bwanji? Si pamene amuna adzayambe kunamiziridwa banja likavuta?

Nachisale: Umboni ndi ntchito ya khoti, Bambo, ngati mmene zilili pa mlandu wina uliwonse. Wosuma ndiye amayenera kutsimikizira woweruza popanda chikayiko. Kuvuta kwa umboni si chifukwa chonenera kuti chinthucho si mlandu. Ndipo pa zimene ndimaona ine, vuto lathu si amayi onamizira amuna awo. Ndi amayi amene amabwera okha kudzathetsa mlandu wa mwamuna amene anawathyola nthiti, chifukwa akamangidwa ana adya chiyani, komanso apongozi akuwanena kuti wamangitsa mwana wathu.

Nabanda ku Leeds: Zimenezi zimandiwawa. Nkhanza za ndalama ndi zimene zimagwira mayi kuti asathawe zibakera.

Chikondi wa ku Zomba: Ndilowetseko mbali ina. Tonse tikukamba za m'nyumba, koma nanga za boma? Mvetserani nkhani pa wailesi pakachitika zionetsero. Anyamata akaponya miyala amati achita ziwawa. Apolisi akaombera amati amakhazikitsa bata. Pa 20 ndi 21 July 2011 anthu 20 anafa pa zionetsero, ambiri ku Mzuzu. Ku Msundwe mu October 2019 wapolisi anaphedwa ndi gulu la anthu, zimene zinali zoipa kwambiri ndipo aliyense anadzudzula. Koma zimene zinatsatira, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika kugwiriridwa ndi kuchitidwa zamanyazi, zinatenga bungwe la Malawi Human Rights Commission kufufuza ndi maloya achizimayi kukasuma kuti zimveke. Mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 alipidwe chipukuta misozi. Wovala yunifolomu akachita, dzina la chinthucho limachedwa kubwera.

Bambo Mbewe: Apa tisalowe ndale chonde.

Chikondi wa ku Zomba: Si ndale Bambo, sindinatchule chipani. 2011 ndi 2019 anali maboma a atsogoleri osiyana. Funso lanu linali lakuti boma likamati nkhanza limatanthauza chiyani. Ine ndikuti tionenso zimene boma silitchula nkhanza. Woganiziridwa kuba akamenyedwa m'chitokosi kuti aulule, timati apolisi amufunsa bwino. Gawo 19 lomwe lija limaletsa kuzunza munthu aliyense, ngakhale wakuba.

Aphunzitsi a ku Ntcheu: Ndipo ifenso anthu wamba tili ndi mawu athu obisira. Wakuba akagwidwa mumsika n'kutenthedwa timati anthu olusa amulanga. Amulanga! Munthu wafa popanda woweruza.

Admin: Abale, nkhani ikuyenda bwino, tipitirize mwaulemu. Musatchule mayina a anthu amene nkhani zawo mukufotokoza.

Agogo a Mphatso: Ana anga, ine ndine wachikulire pa gulu pano, foniyi anandigulira adzukulu. Mwakamba za manja, za ndalama, za mfuti. Ine ndikambe za pakamwa. Munthu wa msinkhu wanga kumudzi saopa chibakera, amaopa mawu amodzi okha: mfiti. Mwana akadwala, mphenzi ikagwa, maso onse kwa nkhalamba. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera ya anamapopa. Amene anayamba kunena mawuwo mwina sanagwire mwala. Koma ndani anapha?

Ndiye Bambo Mbewe mukamati kukalipa si nkhanza, ndikumvani. Koma pali mawu ena amene akatuluka, munthu sagonanso m'nyumba mwake.

Nachisale: Agogo, mwanena zoona, ndipo apa lamulo lili kumbali yanu kuyambira kalekale. Lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri amaganiza kuti limalanga mfiti, pamene limalanga wolozayo, ndi wobweretsa sing'anga kuti adzaloze. Vuto ndi lakuti mudzi wonse ukagwirizana, wokanena kupolisi amasowa.

Mawu ena amene malamulo amawagwira: kutukwana munthu mofuna kuyambitsa ndewu, kunyoza ulemu wa mayi ndi mawu kapena zizindikiro, kuopseza kupha. Lamulo la 2013 lija limagwiranso bwana kapena mphunzitsi wovutitsa munthu ndi zachisembwere, ngakhale ndi mawu okha, chilango mpaka zaka 5. Ndiye pali la 2016 la za pa intaneti, limene limaletsa kuvutitsa ndi kulondalonda munthu pa foni ndi pa makompyuta.

Thoko: Limenelo atsikana tikulifuna kwambiri. Chibwenzi chikatha mnyamata akumwaza zithunzi za mtsikana m'magulu a WhatsApp, anthu n'kumatumizirana akuseka. Mtsikanayo sukulu amasiya. Aliyense wotumiza chithunzicho kwa mnzake watengako mbali, ngakhale anene kuti ine ndangolandira.

Chikondi wa ku Zomba: Ndikugwirizana nawe Thoko pa zithunzizo. Koma pa mawu tiyende mosamala. Lamulo la pa intaneti lomwelo lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cholemba zodzudzula akuluakulu pa Facebook. Tikangovomera kuti mawu aliwonse opweteka ndi nkhanza, oyamba kudandaula kuti achitiridwa nkhanza adzakhala anthu a mphamvu, ndipo apolisi amathamanga msanga wodandaula akakhala nduna kusiyana ndi akakhala mtsikana wa ku koleji. Mu 2022 aphungu anachotsa milandu ya kuukira boma ndi mawu, ndipo tinasangalala. Tisabweze zomwezo ndi dzina lina. Apa Bambo Mbewe ali ndi mfundo, mawu akatambasuka kwambiri amagwira ndi osalakwa omwe.

Bambo Mbewe: Eya, n'zimene ndimafuna kunena poyamba paja, kungoti sindinazifotokoze bwino chonchi.

Nachisale: Achimwene a ku Zomba, chenjezo lanu ndalimva ndipo ndi loona. Ine ndikafuna kusiyanitsa ndimafunsa kuti mawuwo akuchokera kwa ndani kupita kwa ndani, ndipo wouzidwayo angathe kuchoka kapena kuyankha? Nduna ikanyozedwa pa Facebook ili ndi wailesi, maloya ndi alonda. Mayi amene akuuzidwa usiku uliwonse kuti ndidzakupha ndi munthu amene wagona naye chipinda chimodzi, chikwanje chili kuseri kwa chitseko, alibe kothawira. Gogo wonenedwa ufiti ndi mudzi wake womwe alibe kothawira. Malamulo athu akanamayang'ana pamenepo, bwenzi akugwira oyenera.

Koma Bambo Mbewe, pa mfundo yanu yoyamba ija sindikugwirizana nanu. Munati kutchula zambiri kuti nkhanza kukupeputsa mayi wothyoledwa mkono. Amayi othyoledwa mikono amene ndakhala nawo pansi, ukawafunsa mmene zinayambira, satchula mkono. Amayamba ndi tsiku limene analetsedwa kupita kwa mayi awo, kapena limene anawalanda ndalama ya geni. Akanapeza womvera nthawi imeneyo, mkono ukanakhala wabwinobwino.

Bambo Kamanga: Mayi Nachisale, ndipempheko. Ife ankhoswe ndi akulu a mpingo ndi amene anthu amayamba kufikira, osati inu kapena apolisi. Koma malamulo onse mwatchulawa ali m'Chingerezi, ndipo ine sindinawaonepo ndi maso. Mungatilembere m'Chichewa zinthu zimene nkhoswe sayenera kuzisunga pakhomo, zoti zikangofika tizitumiza kutsogolo? Ndikufuna ndikawerenge pa msonkhano wa akulu Loweruka likubwerali.

Nachisale: Ndilemba mawa madzulo ndikaweruka, ndiika pompano. Koma zina ndinene lero kuti musadikire. Mwana aliyense wosakwana zaka 18 akagonedwa kapena kukwatitsidwa, musakambirane za chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku, pitani kupolisi, ndipo mwanayo afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Munthu akaopsezedwa kuti aphedwa, kapena akakanyangidwa pakhosi ngakhale kamodzi, musamubweze kunyumbako usiku umenewo, mupezereni pogona. Ndipo mukamamva mbali zonse ziwiri, mkaziyo mumufunsenso payekha, mwamuna wake ndi apongozi ali panja.

Mayi a Tadala: Mukalemba muikemonso za geni ndi banki m'khonde zija. Ndikufuna ndikawerengere amayi a gulu lathu Lachitatu.

Agogo a Mphatso: Ndi la ufiti lija mwana wanga, ulembe ndi chaka chake, ndikawaonetse a mfumu.